Funsani Amalume a Makompyuta: Manda, Nkhokwe Kapena Tsala?

Makalata a mwezi uno akhala ngati anapangana. Asanu mwa iwo akuzungulira nkhani imodzi: pulogalamu ya open source, ija imene khodi yake, malangizo amene amaiyendetsa, ili poyera kuti aliyense aione, aitenge ndi kuisintha, eni ake akatopa nayo imapita kuti? Ndawaika pamodzi. Mafunso a mafoni otentha ndi mabatire osachedwa kutha ndiwayankha mwezi wamawa.

Amalume,
Ndife kagulu ka anyamata ndi atsikana 9, tinayamba kulemba mapulogalamu tili ku koleji. Pa GitHub, webusaiti yosungirako khodi, tili ndi ma repo (mafoda a mapulogalamu) 23, koma amene tikugwirabe ndi 6 okha. Enawo, monga kapulogalamu kowerengera ndalama za banki m'khonde ndi kena kotumiza ma SMS okumbutsa alimi za tsiku la msika, papita zaka zitatu osawakhudza. Anthu akumatilemberabe kupempha thandizo, ife chete, ndipo zikutichititsa manyazi. Tagwirizana zotsegula malo apadera osungirako mapulogalamu amenewa, koma tayambana pa dzina. Wina akuti Manda, wina Nkhokwe, wina Dzala. Tiweruzeni.
Mnyamata wa ku Zomba

Mphwanga, mkangano wanuwo si wachibwana. Dzina la malowo ndi chikwangwani choyamba chimene mlendo adzawerenge, ndipo ndi pa chikwangwani chomwecho pamene adzaganize zoika pulogalamu yanu pa kompyuta ya kuntchito kwake kapena kuisiya. Choncho dzinalo liyenera kunena zoona ziwiri nthawi imodzi: palibe amene akuyang'anira khodi imeneyi tsopano, koma ilipo ndipo mutha kuitenga.

Si inu oyamba kuvutika nazo. Bungwe la Apache Software Foundation, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1999, linafika poona kuti mapulojekiti ake ena atsala dzina lokha, anthu onse anabalalika. Mu Novembala 2008 linatsegula malo otchedwa Apache Attic. Attic ndi kachipinda ka pansi penipeni pa denga m'nyumba za kumaiko ozizira, kumene amaikako masutikesi akale ndi zovala zimene zinawachepera ana. Katundu wa kumeneko sanatayidwe, koma palibe amene amamupukuta fumbi. Kwa ife amene tinagwirako CVS, chida chosungira mbiri ya khodi git isanabwere, mawuwa si achilendo: ukachotsa fayilo mu CVS siinkafufutika, inkangolowa mu foda yotchedwa Attic, ndipo ukaifuna unkakaitenga.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi Apache si dzinalo, koma kuti analemba poyera zimene Attic sidzachita. Sidzakonza zolakwika mu khodi, sidzatulutsa mtundu watsopano wa pulogalamu, ndipo sidzayesa kusonkhanitsanso anthu amene anabalalika. Ntchito yake ndi kutseka zitseko mwaulemu, kupachika chidziwitso pa webusaiti ya pulojekitiyo, ndi kusunga zonse kuti ziziwerengeka. Wogwiritsa ntchito sanamizidwa.

Ena anasankha mayina ena. A Mozilla, eni ake a Firefox, ali ndi chigawo chotchedwa Graveyard mu kaundula wawo wa zolakwika, ndiye kuti manda enieni. A Homebrew anali ndi boneyard, kotayako mafupa. Facebook ndi Google anatsegula facebookarchive ndi googlearchive pa GitHub. A Kubernetes anasankha kubernetes-retired, kutanthauza opuma pa ntchito, ngati mphunzitsi amene walandira penshoni yake.

Tsono tiyeni tiyese mayina anu atatuwo.

Manda ndikuwakana. Kwathu kuno kumanda sikulowedwa wamba, pamafunika chilolezo cha amfumu, ndipo amene wagonekedwa kumeneko sabwerera. Koma mapulogalamu amabwerera. XMLBeans inalowa mu Attic ya Apache, ndipo mu 2018 gulu la Apache POI, limene pulogalamu yake yowerenga mafayilo a Word ndi Excel imadalira XMLBeans, linaitulutsa n'kuyamba kuisamalira. Apache Ambari inalowa mu Januwale 2022, chaka chomwecho chisanathe anthu ena anadzipereka ndipo inatuluka. Palinso chifukwa china chimene chili pafupi kwambiri ndi inu. Mtsikana amene analemba kapulogalamu ka banki m'khonde kaja, mwina anakalemba usiku magetsi atazima, batire ya laputopu ikutha, akuthamangitsana ndi bandulo. Mukamuuza kuti ntchito yake mukukaiika kumanda adzakana, ndipo adzalonjeza kuti mwezi wamawa ayambiranso. Mwezi wamawawo sufika. Mapeto ake repo yosayang'aniridwa idzakhalabe pakati pa zamoyo, ndipo vuto limene munafuna kuthetsa lidzatsala pomwepo. Dzina loopsa limachititsa anthu kubisa odwala awo.

Dzala ndi mwano chabe. Khodi imene inagwira ntchito zaka ziwiri m'manja mwa amayi a banki m'khonde si zinyalala.

Nkhokwe ndi dzina lokoma, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mtima uli pamenepo. Koma mwa atatuwa ndi lomwe lingapweteketse munthu. Munkhokwe muli chakudya cha chaka chino. Mwini wake amaizungulira, amaona ngati anankafumbwe alowa, amathira mankhwala, amafolera denga mvula isanagwe. Munthu akaona mawu akuti Nkhokwe adzaganiza kuti pali wina akulondera, adzatapa n'kukadyetsa ana, pamene inu mukudziwa kuti papita zaka zitatu palibe wasuzumiramo.

Ine ndikanakhala m'gulu lanu ndikanati Tsala. Agogo anga anali ndi tsala kutsidya kwa dambo. Ndikukumbukira tikudutsapo popita kokatchera mbewa: mizere yakale inkaonekabe pansi pa udzu, nandolo wodzimerera yekha apa ndi apo, mtengo wa mango pamalire, chulu pakati. Aliyense m'mudzi ankadziwa kuti mundawo ndi wa agogo, ndipo aliyense ankadziwanso kuti chaka chimenecho palibe amene akupalira. Ukathyola nandolo ukathyola podziwa kuti palibe anamuthira mankhwala. Patapita zaka zingapo msuweni wanga atakwatira anapita kukapempha, anasosa, nalima chimanga. Mapulogalamu anu 17 aja ali chimodzimodzi. Mwini akudziwika, malire akudziwika, khasu palibe, ndipo wofuna kulima angathe.

Popeza GitHub imayenderedwa ndi anthu a mitundu yonse, tengani dzina la gulu lanu, muonjezere tsala kumapeto, ndipo pa mzere wofotokozera mulembe chiganizo chimodzi m'Chichewa ndi m'Chingerezi chonena kuti mapulogalamu a muno sakusamalidwanso. Mukasamutsa repo, GitHub imalondolera yokha anthu obwera pa adiresi yakale kupita ku yatsopano. Koma kulondolerako kumatha ngati mutsegula repo ina ndi dzina lakale lomwelo pamalo akalewo, ndiye mayina amene mwasamutsa musadzawagwiritsenso ntchito.

Kuyambira Novembala 2017, GitHub ili ndi batani la Archive limene limaumitsa repo: imawerengeka, munthu angathe kuchita fork (kukopera khodiyo n'kuipitiriza payekha), koma palibe angalembemo kanthu, ngakhale inu eni ake, pokhapokha mutaimasulanso. Ambiri amathamangira batani limeneli n'kuiwala kuti likadinidwa README, tsamba loyamba lofotokoza pulogalamuyo, siisinthikanso. Yambani mwalemba chidziwitso pamwamba penipeni pa README. Chisakhale chachitali. Mwachitsanzo: "Pulogalamu iyi tinasiya kuisamalira mu Malichi chaka chino chifukwa amene ankailemba anapeza ntchito zina. Sitikonzanso zolakwika, ngakhale zokhudza chitetezo. Muli ndi ufulu woitenga ndi kuipitiriza pansi pa dzina lina motsatira layisensi yake." Ngati mukudziwa pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo, itchuleni. A Fedora, opanga mtundu wina wa Linux, amachita zofanana ndi zimenezi: akapumitsa phukusi (pulogalamu yokonzedwa kuti anthu aziitsitsa) amasiya kafayilo kotchedwa dead.package, mmene muli chifukwa chake.

Kenako yankhani anthu onse amene anakulemberani, ngakhale amene anadikira zaka ziwiri. Mawu atatu okwanira: pepani, zikomo, tasiya. Munthu amene anakutumizirani pull request, pempho loti mulandire khodi imene wakonza, anataya nthawi yake kukukonzerani chinthu kwaulere, musamutsekere chitseko osamulonjera. Onaninso ngati repo iliyonse ili ndi layisensi, kaya MIT, kaya GPL, kaya Apache. Khodi yopanda layisensi, ngakhale ili poyera, mwalamulo munthu wina alibe chilolezo choigwiritsa ntchito kapena kuigawa, ndiye tsala lanu likhala munda wotchingidwa ndi minga.

Chomaliza, ndipo apa ndikupemphani ndithu: kapulogalamu ka ma SMS kaja kafufuzeni bwino. Ophunzira ambiri poyesa pulogalamu amaikamo manambala enieni a mafoni a anthu, mayina awo, ngakhale pasiwedi ya akaunti yotumizira mauthenga. Kufufuta fayiloyo lero sikukwanira, chifukwa git imasunga mbiri yonse, ndipo aliyense angabwerere m'mbuyo n'kuiona. Pasiwedi imeneyo isintheni kapena akauntiyo itsekeni, ndipo manambala a alimiwo achotsedwe m'mbiri momwe musanasamutse kanthu.

Amalume,
Pali pulogalamu yosungira kaundula wa mabuku imene tinkathandizana kulemba anthu anayi. Amene anaiyambitsa anapita ku Johannesburg, ndipo papita miyezi 14 sakuyankha imelo kapena WhatsApp. Makiyi onse a repo ali ndi iyeyo. Ena akuti tingolengeza kuti pulogalamuyo yatha. Ine ndikuona ngati tikumulanda munda mwini ali moyo. Ndani ali ndi mphamvu yonena kuti pulojekiti yapuma?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Achemwali, mtima wanu uli pabwino, ndipo funso lanu ndi limene magulu ambiri amaliganizira mochedwa.

Ku Apache sayang'ana kuti khodi inasinthidwa liti komaliza. Amawerenga anthu. Pulojekiti iliyonse ili ndi komiti yake, ndipo kuti mtundu watsopano wa pulogalamu utuluke pamafunika mavoti ovomereza a mamembala atatu a komitiyo. Komiti imaperekanso lipoti ku bodi ya bungwe miyezi itatu iliyonse. Malipoti akasiya kubwera, bodi imaitana mayina, ndipo akalephera kupezeka anthu atatu oyankha kuti tilipo, njira ya ku Attic imatseguka. Kawirikawiri komiti yomweyo ndi imene imavota kuti ipume, bodi n'kuvomereza. Apache Harmony, imene inkalemba Java yakeyake ya open source, inali pulojekiti yaikulu ndithu. Kampani ya IBM, imene inkapereka anthu ambiri ogwira ntchitoyo, itachoka mu Okutobala 2010 kupita ku OpenJDK, manja anachepa, ndipo mu Novembala 2011 Harmony inalowa mu Attic. Khodi inali yomweyo, anthu ndi amene anatha.

Muyezo umenewu ndi wolondola. Pali mapulogalamu ang'onoang'ono amene sasinthidwa zaka zisanu chifukwa anatha kulembedwa, akugwira ntchito yawo bwinobwino, ndipo mwini wake mukamulembera amayankha mawa lake. Amenewo sanapume. Funso loyenera ndi ili: wina atapeza lero bowo loti akuba angalowerepo, alipo amene angayankhe ndi kutseka bowolo? Ngati palibe, pulojekiti inapuma kale, chatsala ndi kuuza anthu.

A Debian, amenenso amapanga mtundu wawo wa Linux, ndi a Fedora ali ndi sitepe ya pakati imene ndimaikonda. Phukusi likasowa wolisamalira amalitcha lamasiye, ndipo amalengeza kuti wofuna kulilera abwere. Ku Debian dzina la wosamalira limasinthidwa kukhala gulu loona za ubwino wa mapulogalamu, Debian QA Group, kufikira atapezeka wolitenga. Ku Fedora phukusi likakhala lamasiye masabata 6 osapezeka munthu, limapumitsidwa. Nthawi ikudziwika, ndipo palibe amene angadandaule kuti anamuchitira chiwembu.

Koma nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono, chifukwa inu atatu mulipo ndipo mukufuna kulima. Pulogalamuyo siinathe, makiyi okha ndi amene ali kutali. Mulembereni m'bale wanuyo kalata imodzi yaulemu, yomuthokoza, yomufunsa ngati ali bwino, popeza kujoni munthu amakumana ndi zambiri zimene sanganene pa gulu. Muuzeni kuti pakatha masiku 30 mudzachita fork n'kupitiriza pansi pa dzina lina, ndipo kuti malo ake adzakhalapo tsiku lililonse akadzafuna. Ngati layisensi ikulola, simukumulanda kanthu: repo yake itsala mmene anaisiyira, dzina lake litsala pa khodi imene analemba. Dzina la pulogalamu lokha musalitenge. Mu 2010 olemba iBATIS atachoka ku Apache, ntchito anaipitiriza pansi pa dzina latsopano la MyBatis, iBATIS n'kulowa mu Attic, ndipo MyBatis ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Pa repo yatsopanoyo makiyi akhale ndi anthu osachepera awiri kuyambira tsiku loyamba, ndipo lamulo la kapumitsidwe mulilembe panopa pamene mukumvana.

Amalume,
Ndinalemba ka library kakang'ono ka JavaScript, khodi imene ena amailumikiza m'mapulogalamu awo, zaka zisanu zapitazo, ndipo ndinadabwa kuona kuti anthu akukagwiritsa ntchito. Ine ndinasiya, panopa ndili pa ntchito ina. Munthu wina amene sindikumudziwa wandilembera mwaulemu kwambiri kuti ndimupatse mphamvu pa repo ndi pa npm, malo otsitsirako maphukusi a JavaScript, kuti azikasamalira. Kodi si bwino kumupatsa kusiyana n'kuti kangokhala?
Wowerenga wa ku Mzuzu

Mphwanga, musamupatse. Muuzeni achite fork, asankhe dzina lake, ndipo mukaona kwa miyezi ingapo kuti ntchito yake ndi yooneka, mudzaike ulalo pa README yanu wolozera anthu kwa iye. Makiyi a dzina lanu akhale m'thumba mwanu.

Chifukwa chake ndi ichi. Mu 2018 Dominic Tarr, amene analemba phukusi la npm lotchedwa event-stream, anali pamene muli inupa. Phukusilo linkatsitsidwa pafupifupi ka 2 miliyoni pa sabata, iye anali atasiya kuligwiritsa ntchito, ndipo munthu wina anadzipereka kuti alisamalira. Anamupatsa. Mlendoyo anayamba ndi kukonza tinthu tabwinobwino, kenako analumikizamo phukusi lina lotchedwa flatmap-stream, mmene munabisidwa khodi yolunjika pa Copay, pulogalamu yosungira ndalama za Bitcoin, kuti izibera anthu. Zinadziwika mu Novembala chaka chomwecho. Anthu ankatsitsa pokhulupirira dzina la event-stream, osadziwa kuti nyumbayo inasintha mwini.

Ya xz Utils ndi yowawitsa mtima kwambiri. Kapulogalamu kofinya mafayilo kameneka kali pafupifupi mu kompyuta iliyonse ya Linux, ndipo kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi munthu mmodzi, Lasse Collin, mwa kufuna kwake, atatopa. Wina wodzitcha Jia Tan anathandiza moleza mtima kwa zaka zoposa ziwiri mpaka anapatsidwa mphamvu, uku maakaunti ena akumupanikiza Collin kuti akuchedwetsa ntchito. Mu mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1 munalowa khomo lakuseri loti munthu angalowere m'maseva. Pa 29 Malichi 2024 Andres Freund, katswiri wa PostgreSQL, ndi amene anaulula, ataona kuti kulowa mu seva kudzera pa SSH, njira yolowera munthu ali kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi n'kuyamba kufufuza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti amene wakulemberaniyo ndi wakuba, mwina ndi munthu wabwino ndithu. Koma munthu wabwino fork siimupweteka, pamene wakuba chimene akufuna ndi dzina lanu ndi anthu amene amalikhulupirira.

Pa npm pali lamulo la deprecate limene limaonetsa chenjezo kwa aliyense wotsitsa phukusi lanu, phukusilo osachotsedwa. Ligwiritseni ntchito. A Python nawonso kuyambira Januwale 2025 angathe kuika chizindikiro pa PyPI, malo awo otsitsirako maphukusi, choti pulojekiti yapuma.

Ngati ka library kanuko kali ndi domain yakeyake, adiresi ya pa intaneti yolipiridwa chaka ndi chaka, musaiiwale. Mu Febuluwale 2024 domain ya polyfill.io inagulidwa ndi kampani ina, ndipo pofika Juni mawebusaiti oposa 100,000 amene ankatenga khodi pa adiresi imeneyo anapezeka akulandira khodi yotumiza alendo awo ku masamba achinyengo. Inenso zinandionekera, pang'ono pokha koma zinandipweteka. Ndinali ndi kawebusaiti kofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu ina imene ndinalembera kabungwe kena kothandiza ana. Ntchito itatha ndinaleka kulipira domain, poganiza kuti palibenso amene amapitako. Patatha miyezi ingapo mayi wina wa mu ofesi ya kabungweko anandiimbira, mawu ali njenjenje, kuti wadina ulalo wa thandizo m'pulogalamu muja ana ali pambali pake ndipo patuluka zotsatsa juga ndi zithunzi zosayenera. Wina anali atagula adiresiyo. Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo kukachotsa ulalowo pa makompyuta awo atatu, koma adiresiyo sindinaipezenso. Ngati simungathe kulipira domain chaka ndi chaka, yambani mwachotsa paliponse pamene khodi yanu imailozera, kenako muisiye.

Amalume,
Bwanji osangofufuta? Chinthu chakufa chisungidwirenji?
Wophunzira wa ku Kasungu

Mphwanga, chifukwa simudziwa amene wamangira nyumba yake pa njerwa yanu. Mu Malichi 2016 Azer Koçulu, atasemphana ndi a npm pa nkhani ya dzina la phukusi lake lina, anachotsa maphukusi ake onse. Limodzi mwa iwo, left-pad, linali la mizere 11 yokha. Mapulojekiti zikwizikwi, kuphatikizapo akuluakulu ngati Babel, analephera kumangika tsiku limenelo, mpaka a npm analibwezeretsa okha ndi kukhwimitsa malamulo a kachotsedwe ka maphukusi.

Ndipotu ngakhale inu musafufute, nyumba yosungiramo ingathe kugwa yokha. Google Code inatsegulidwa mu 2006, ndipo MyBatis ndaitchula ija inasamukira kumeneko pochoka ku Apache. Mu Malichi 2015 Google inalengeza kuti ikutseka malowo, mu Januwale 2016 n'kutsekadi. CodePlex ya Microsoft inatsatira mu 2017. Pofuna kuteteza khodi ku ngozi zotere, mu 2016 bungwe lofufuza la ku France lotchedwa Inria linakhazikitsa Software Heritage, motsogozedwa ndi Roberto Di Cosmo ndi Stefano Zacchiroli, kuti lizisonkhanitsa khodi yonse ya poyera ndi kuisunga, ndipo mu 2017 linasainirana mgwirizano ndi UNESCO. Pa webusaiti yawo pali malo otchedwa Save Code Now: mumaikapo adiresi ya repo yanu, iwo n'kukopera, kwaulere. A ku Zomba aja achite zimenezi pa ma repo onse 17 asanawasamutse.

GitHub nayo pa 2 Febuluwale 2020 inakopera ma repo a poyera amene anali amoyo, deta yokwana ma terabyte 21, n'kuisindikiza pa mikombero 186 ya filimu imene inakasungidwa mu mgodi wakale wa malasha ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway kufupi ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Cholinga n'chakuti ikhale zaka 1,000. Ngati munali ndi repo yamoyo nthawi imeneyo, n'kutheka kuti khodi yanu ili pansi pa chisanu kumeneko.

Amalume,
Ine si wolemba mapulogalamu, ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera. Timasunga malikisi a ana ndi kusindikiza malipoti pa pulogalamu yaulere imene mphunzitsi wina anatiikira asanasamuke. Mwana wanga wandionetsa pa intaneti kuti pa tsamba la pulogalamuyo pali chikwangwani chonena kuti eni ake anaiumitsa. Mayeso a teremu ali pafupi. Kodi malikisi athu asowa?
Bambo wa ku Ntcheu

Bambo, mtima ukhale m'malo. Chikwangwanicho chikunena za khodi imene ili pa intaneti, sichikhudza kompyuta ya mu ofesi yanu. Pulogalamuyo idzatseguka mawa monga inatsegukira lero, ndipo malipoti a teremu ino muwasindikiza. Eni akewo anakuchitirani zabwino pokuuzani, ambiri amangosowa osatsanzika.

Chimene chasintha n'chakuti ikadzavuta palibe wokakonza, ndipo tsiku limene mudzasinthe kompyuta kapena kuika Windows yatsopano ingathe kukana kuyenda. Ndiye sabata ino, mayeso asanayambe, pemphani mwana wanuyo afufuze mu pulogalamumo pamene palembedwa Export kapena Backup, atulutse malikisi onse a zaka zonse mu mtundu wa CSV kapena Excel. Atsegule mafayilowo pamaso panu, musankhe ana atatu amene mukuwadziwa, mmodzi wa Fomu 1, wina wa Fomu 3, wina amene anamaliza kale, muone ngati malikisi awo akugwirizana ndi a m'kaundula wa pepala. Mafayilowo muwaike pa ma flash awiri, imodzi mu kabati yokhoma ya ku ofesi, ina kunyumba kwanu. Akoperenso fayilo yoikira pulogalamuyo, mtundu womwewo umene muli nawo, aisunge pa ma flash omwewo.

Ngati pulogalamuyo imangoyenda pa kompyuta imodzi yosalumikizidwa ku intaneti, mutha kumaliza nayo chaka chino mosatekeseka. Ngati ili pa intaneti moti makolo kapena aphunzitsi amalowamo ali kwawo, imeneyo ndiye yofunika changu, chifukwa mabowo a chitetezo sakutsekedwanso ndipo muli mayina a ana a anthu. Ichotseni pa intaneti, muziigwiritsa ntchito mu ofesi mokha kufikira mutapeza ina.

Pa tchuthi chachikulu, mwana wanuyo awerenge README ya pulogalamuyo ndi mndandanda wa ma fork ake, aone ngati pali ena amene anaitenga n'kumaipitiriza, ndi tsiku limene anaigwira komaliza. Mundilemberenso dzina la pulogalamuyo ndi mtundu wa kompyuta imene muli nayo, ndidzakuthandizani kusankha yolowa m'malo mwake teremu yoyamba isanatsegulidwe.